Zitsamba Zomwe a Nankhoma Anabisa

Pa mwambo wotsanzikana ndi a Nankhoma mwezi watha, anthu ananama. Ananama mwaulemu, atavala zakuda, koma ananama ndithu. Wina anaimirira kutsogolo kwa tchalitchi chathu ku Salford nati malemu anali munthu wofatsa. Wina anati sanakanganepo ndi munthu. Ine ndinangoweramitsa mutu, chifukwa ndikanayang'anizana ndi amayi anzanga ndikanaseka pamaliro. A Nankhoma, ofatsa? Mayi amene anabweza abusa pakhomo kuti akavule kaye nsapato? Ndikulemba izi kuti amene sanawaone amve za munthu weniweniyo, poti wofatsa amene ankatchulidwa tsiku lija ine sindikumudziwa.

Anali namwino. Anachoka ku Balaka amuna awo atamwalira, nadzagwira ntchito pachipatala cha boma ku Bolton, m'wodi ya odwala sitiroko, matenda aja oumitsa ziwalo. Patapita zaka ziwiri anaitanitsa mwana wawo mmodzi yekhayo, Dalitso. Ife anamwino obwera pambuyo tinkawatcha Asisita, ndipo ambiri tinagonapo m'kachipinda kawo ka alendo titangofika kumene. Inenso ndinagonamo. Ankakulandira ndi jekete yochindikala, n'kukuphunzitsa kukwera basi, kenako n'kukuuza tsiku loti usamuke. Ankati mlendo akatha miyezi itatu m'nyumba amayamba kuona kuti makatani ada.

Nyumbayo inali imodzi mwa nyumba zanjerwa zofiira zija zogundana mzere wonse, yopapatiza, zipinda ziwiri pansi ziwiri m'mwamba, masitepe ake otsetsereka kwambiri. Anaigula ndi thukuta la mashifiti a zaka zambiri, ndipo sankabisa kuti amainyadira. Ankati kumudzi anasiya nyumba ya amuna awo, koma iyi yokha ndi imene pepala lake lili ndi dzina lawo.

Ukawapatsa moni, dzanja lako sankalitaya msanga. Zala zawo zinkatsetserekera pamkono n'kuyamba kumvera mtsempha, maso ali pa wotchi imene ankaikolowekabe pachifuwa ngakhale atapuma pantchito. Kenako ankakutsitsa chikope n'kukuuza kuti magazi akuchepa, ukudya chiyani. Sankafunsa ngati ukufuna kuyezedwa. Amuna athu ankawazemba pakhomo la tchalitchi ngati ana ozemba jakisoni.

Koma nkhondo yawo yaikulu inali ya zitsamba. Munthu akabwera kuchokera kumudzi, Asisita ankafuna kudziwa zomwe zili m'sutikesi. Ufa, usipa, chiponde, zimenezo ankazilandira. Mizu ndi makungwa ankazidana nazo koopsa. Tsiku lina mayi wina wa mumpingo mwathu anabwera ku mapemphero ndi botolo la madzi a mizu, ati a kuthamanga kwa magazi. Asisita analanda botololo, nalikhuthulira m'sinki amayi onse akuona. Anatha chaka osayankhulana. Pamisonkhano ya amayi ankabwereza mfundo imodzimodzi mpaka tinailoweza: kuti choopsa si kumwa kokha, koma kubisa. Ankati Mmalawi akafunsidwa ndi dokotala ngati akumwa china chake amayankha kuti ayi, mizu ili m'thumba, ndipo akafika kwa sing'anga sanena za mapiritsi a kuchipatala. Ankati wobisa matenda amangozengereza, maliro ndiwo adzamuulula.

Amene anawadziwa m'zaka zinayi zomaliza amakumbukira munthu wina pang'ono. Mayi wa ndodo, wokoka mwendo wamanzere, amene m'mawa uliwonse, kaya kuli mvula kaya chisanu, ankayenda mpaka kumapeto kwa msewu wawo n'kubwerera. Pakhutu pawo pankakhala timapulasitala tating'ono, ndipo nthawi ya ulaliki unkawaona akutisindikiza ndi chala. Ana ankawafunsa m'Chingerezi kuti n'chiyani chimenecho, iwo n'kuyankha m'Chichewa kuti ndi mabatani ozimitsira mutu. Mmene timapulasitalato tinafikira pakhutu la munthu wodana ndi zitsamba chotere, ndiyo nkhani imene pamaliro sanaitchule.

Sitiroko inawagwira Loweruka lina m'mawa akuyanika zovala, atapuma pantchito zaka ziwiri zokha. Anagonekedwa m'wodi yomwe ija ankayendetsa, ndipo pakamwa patangoyamba kumveka anayamba kudzudzula anamwino kayalidwe ka bedi. Atatuluka, anthu a kuchipatala anafuna kutsitsa bedi lawo kuti azigona pabalaza. Anakana. Anati pabalaza amagonapo maliro. Anawaikira chitsulo chogwirira m'masitepe, ndipo ankakwera okha, sitepe imodzi kenako kupuma.

Chimene sanachiyembekezere ndi tulo. Tinawathawa. Ankagona ola limodzi, mwina awiri, basi maso gwa mpaka kucha. Masana mutu unkalemera, mwendo wodwala uja unkakana kumvera, ndipo munthu waukhondo uja ndinamupeza tsiku lina atavala juzi mopidikula. Dokotala anawapatsa mapiritsi ogonetsa. Anagonadi, koma m'mawa wina anadzuka ali ziii, nagwa m'bafa. Mapiritsiwo anawaletsa, tulo tinathawanso.

Dalitso amakhala ku Leeds, amagwira ntchito ya makompyuta, ndipo ndi mwana wabwino, ndisamunamizire. Anachita mantha. Anapeza malo m'nyumba yosamalira okalamba kufupi ndi kwawo, ndipo anagwirizana ndi a kuchipatala kuti amayi ake akagwanso kamodzi kokha, asamuke. Asisita anawadziwa bwino malo oterowo, anagwirako maganyu kumapeto a sabata. Sankawanyoza. Ankangoti iwo sangakauzidwe ndi mwana wa eni nthawi yomwera tiyi, ndipo m'nyumba mwawo adzatuluka atanyamulidwa. Kuyambira pamenepo nkhani inali imodzi: apeze tulo, asagwe, nyumba isawachoke.

Lachitatu lina anandiimbira kuti ndiwaperekeze ku Manchester kukagula nsomba. Tili m'njira anayamba kundilozera misewu ina, mpaka tinaima pa kashopu kokhala ndi zilembo za Chitchaina. Anamva za malowo kwa wodwala mnzawo kumafizo, kumene ankalimbitsa mwendo uja. Nditatsegula chitseko fungo la mizu linandilandira, ndipo khoma lonse linali timadirowa tamatabwa.

"Asisita, muno?" ndinafunsa.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero osandiyang'ana. "Tandigwira mkono, Tadala, usandichititse manyazi."

Mwini malowo anali Mayi Chen, mzimayi wamfupi wa imvi, woyankhula motsitsa. Anawagwira mikono yonse iwiri, zala zitatu pamtsempha, nthawi yaitali. Ndinaona Asisita akuwongoka pampando, chifukwa kugwira mtsempha kotere ankati achinyamata a masiku ano anakuiwala. Anawaona lilime, nawafunsa za maloto, za thukuta, ngati mtima umagunda akagona. Kenako anafotokoza kuti m'kaganizidwe ka kwawo, maganizo a munthu amakagona mumtima, ndipo matenda aakulu akafooketsa magazi, maganizowo amasowa pokhazikika n'kumangoyendayenda. Asisita anaguguza pakhosi, koma sanatsutse.

Kenako Mayi Chen anafunsa funso lija. Kodi pali mankhwala a kuchipatala amene mukumwa?

"A kuthamanga kwa magazi okha," anatero Asisita.

Ine ndinkadziwa kuti amamwanso mapiritsi oletsa magazi kuundana, amene amapatsidwa anthu ambiri a sitiroko. Ndinkawayala ndekha m'kabokosi kawo Lamlungu lililonse. Ndinatsegula pakamwa, ndipo dzanja lawo labwino lija linanditsina pantchafu, kutsina kwa mayi wolera. Ndinatseka.

Anatipatsa timapaketi ta mapepala, m'kati muli mizu yodula, makungwa ndi tinjere tofiirira. Mayi Chen anati tinjereto ndito timabweretsa tulo, nationetsa chithunzi cha mtengo wake. Asisita anaseka koyamba chichokereni kuchipatala. Unali wofanana ndi msau, minga yake ndi zipatso zomwe.

M'galimoto tinakangana.

"Asisita, ma blood thinner aja bwanji simunanene?"

"Ndikananena sakanandipatsa."

"Nanga zikakasemphana m'thupi?"

"Iwe, masau anapha ndani? Ndakulira pansi pa msau ine. Ndawoloka nyanja kudzagula nthangala zomwe mbuzi zimalavula ku Balaka." Kenako anati, "Dalitso asamve. Ku clinic asamve. Kutchalitchi ndiye usayerekeze."

Ndinamvera, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Ndine namwino, ndinkadziwa bwino lomwe. Wodwala wina aliyense ndikanamuneneza tsiku lomwelo. Koma awa anali Asisita, amene anandiveka jekete yanga yoyamba m'dziko lino, ndipo ife tinaleredwa kuti wamkulu akakutsina umakhala chete.

Asisita ankawiritsa zitsambazo m'kapoto kakale, zenera lili pululu kuti fungo lituluke, ndipo akamaliza ankakabisa kapotoko pansi pa masitepe kuseri kwa ndowa. Ankati akugona maola atatu, nthawi zina anayi. Sabata yachitatu ndinaona magazi pa mswachi wawo. Anati nkhama zawo zakalamba. Kenako m'mikono munatuluka mikwingwirima yakuda, ina pantchafu, ngati munthu womenyedwa. Anayamba kuvala zamanja aatali m'nyumba motentha. Ndinawachonderera kuti asiye, anandiuza kuti ndikapitiriza ndisiye kiyi wawo patebulo.

Dalitso ndiye anaiona mikwingwirimayo, Lamlungu lina akuwavula jekete. Sanakalipe. Anangowayang'ana, misozi ili m'maso, nati, "Amayi, mwakhala mukugwa, ndipo mukundibisira." Sabata yomweyo Asisita anakayezetsa magazi monga mwa nthawi zonse, ndipo zotsatira zinadabwitsa a kuchipatala: magazi anali atasungunuka kwambiri kuposa mlingo wa mapiritsi awo. A kuchipatalawo anaitanitsa msonkhano Lachinayi m'mawa, woti akambirane za magaziwo komanso za kusamuka.

Apa ndi pamene panali pothina. Akakhala chete, aliyense akanakhulupirira kuti akugwa, ndipo nyumba ikanapita. Akanena zoona, ndiye kuti a Nankhoma, mkulu wa mpingo, wokhuthula mabotolo a anzawo, avomera pamaso pa mwana wawo ndi pa madokotala amene ankawalemekeza kuti achita chomwe ankachilalatira zaka zonse. Ukayenda siya phazi, paja amatero, ukasiya mlomo umakutsata. Ndinkawadziwa kunyada kwawo, ndipo sindinkadziwa kuti asankha chiti. Ine ndinali nditatsimikiza kuti akapanda kunena, ndinena ndine, ngakhale asadzandiyankhulenso.

Lachinayilo ndinawapeza atakonzeka kale, atavala suti yawo yabuluu ya kutchalitchi, chikwama chogulira zinthu chili pamiyendo. Ndinafuna kuwanyamulira, anakana.

M'chipindamo munali dokotala wachitsikana amene anaphunzira ntchito m'wodi ya Asisita ali wamng'ono, mayi wina woona ngati odwala angakhale okha panyumba, Dalitso ndi ine. Dalitso anayamba kufotokoza za malo a ku Leeds, kuti kuli dimba, kuli chipinda chapansi, iye azibwera tsiku lililonse. Asisita anamusiya mpaka anamaliza. Kenako anapisa dzanja lawo labwino m'chikwama, natulutsa kapoto kaja. Kanali kolemera kwa dzanja limodzi, kanagwedezeka, chivundikiro chinagwa pansi n'kuzungulira, koma sanalole munthu kuwathandiza. Anakaika patebulo la dokotala, pambali pake nayala timapaketi tonse. Fungo linadzaza chipinda.

Anayankhula m'Chingerezi chawo cha m'wodi, chomveka liwu lililonse. Anati chigwereni m'bafa muja sanagwenso ngakhale kamodzi. Anati akhala akumwa zimenezi masabata asanu, ndipo ananamiza amene anawapatsa, ananamiza chipatala, anaopseza ndi mwana uyu, akuloza ine, kuti asanene. Anati mikwingwirimayo yachokera m'poto.

Dalitso anaimirira. "Amayi, inuyo? After all those years mukulalatira anthu za mizu?"

"Eya, ineyo," anamuyankha m'Chichewa. "Khala pansi. Kunama ndinanama, koma kugwa sindinagwe. Pangano lathu linali la kugwa."

Dokotala uja anatumiza timapaketito kwa wodziwa za mankhwala pachipatalapo. Masau aja sanali vuto lalikulu. Munali muzu wina wofiira umene umawonjezera mphamvu ya mapiritsi oletsa magazi kuundana. Dokotalayo anawauza mosapsatira kuti magazi akanatha kutayikira mu ubongo, ndipo ulendo uno sakanadzuka. Asisita anagwedeza mutu, anati akudziwa, zitsamba asiya lero lomwe. Ine ndinapumira m'mwamba, ndikuganiza kuti nkhani yatha. Koma iwo anali asanamalize.

"Nanga masingano?" anafunsa. Mayi Chen anawauzapo kuti amabayanso timasingano pothandiza tulo.

Dokotala anati sangalonjeze kuti zimagwira ntchito, ena amati zimawathandiza, ena ayi. Koma magazi akabwerera m'malo, ndipo wobayayo akadziwa mankhwala onse amene akumwa, iye saletsa. Asisita anati ndiye alembe kalata yonena zimenezo, mayina a mapiritsi onse alembemo, iwo akapereka okha. Kenako anatembenukira kwa Dalitso ndi mayi woona za panyumba uja, napempha miyezi iwiri. Akapanda kugona, kapena akagwa, adzalongedza okha. Dalitso anafuna kukana. Asisita anamuuza kuti mako ndi mako, asawaone kukoka mwendo, ndipo Dalitso anavomera.

Kwa Mayi Chen tinabwerera ndi kalatayo komanso mabokosi onse a mapiritsi. Mayi uja anawerenga, nkhope inasintha. Sanakweze mawu, koma anawafunsa kuti mukanafa, anthu akanati wakuphani ndani? Anati anafunsa funso lija chifukwa linali ndi ntchito, ndipo akanadziwa sakanaikamo muzu umenewo. Anawakalipira kwa mphindi zingapo. M'zaka zonse zimene ndinawadziwa a Nankhoma, tsiku limenelo lokha ndi limene ndinawaona akudzudzulidwa manja ali pamiyendo, osabweza liwu.

Magazi atakhazikika anayamba kubayitsa timasingano tija. Kawiri pa sabata ndinkawaperekeza, kapena Dalitso akapeza mpata. Timasinganoto tinali topyapyala ngati tsitsi, ndipo Mayi Chen ankabaya pamwamba chabe poopa magazi: pamkono, pakati pa nsidze, paliwombo, ndi pamwamba pa kakolo. Pakhutu ankamata tinjere ndi timapulasitala tija, toti azisindikiza katatu patsiku. Madzulo ankaviika mapazi m'madzi ofunda, atayamba ayesa ndi chigongono chakumanja chifukwa phazi lamanzere silinkamva kutentha. Mayi Chen anawaletsa kugona masana, nawalamula kuyenda panja m'mawa kukawala. Anawaletsanso tiyi dzuwa likapendeka, ndipo imeneyo inali nkhondo yoposa ya masingano. Koma anatsata zonse ngati namwino wotsata malangizo a m'wodi, osadumpha tsiku.

Masabata atatu oyamba sipanasinthe kanthu. Maso anawalowa m'kati, ankandikalipira pa zinthu zopanda pake, ndipo tsiku lina ndinawapeza atakhala pasitepe yapakati akulira ndi mkwiyo. Ndinati mwina ku Leeds si koipa. Anati ndiwadzutse, nthawi yoyenda yakwana. Sabata yachisanu ndi chimodzi anandiimbira ndili kuntchito, chinthu chimene sankachita. Anati, "Tadala, ndadzuka kunja kutayera." Basi anadula foni.

Chimene chinawagonetsa sindikuchidziwa. Dalitso ankati ubongo unkachira wokha, ndipo kuyenda m'mawa ndi kusiya tiyi n'zimene zinathandiza, masinganowo anangopezerapo dzina. Asisita ankati mwina, koma amene ankagona ndi iwo, osati iye. Mkangano umenewu sunathe mpaka imfa. Miyezi iwiri itakwana palibe anatchulanso za Leeds.

Kutchalitchi sanadikire kuti mphekesera ziwafikire. Anaimirira okha pamsonkhano wa amayi nafotokoza zonse. Kwa mayi wa botolo uja anati kukhuthula sanalakwitse, ndipo atalipezanso akhoza kukhuthulanso, koma analakwitsa kuganiza kuti iwo anaumbidwa ndi dothi lina. Kuyambira pamenepo sankalandanso mizu ya anthu. Ankangokugwira mkono n'kukufunsa ngati dokotala wako akudziwa, ndipo ukazengereza ankati akuperekeza.

Asisita sanawathokozepo Mayi Chen ngakhale tsiku limodzi. Nditawafunsa anati mankhwala sathokoza, amasuluka. Ndinawaseka kuti mkulu wa mpingo akukhulupirira zimenezo, anati ndisamale pakamwa. M'malo mwake ankawatengera zitumbuwa, ndipo Mayi Chen ankalandira kwinaku akudandaula kuti munthu wa sitiroko asamakazinge zamafuta chotere.

Asisita anakhala m'nyumba mwawo zaka zinayi zina. Chibayo ndicho chinawatenga, atadwala masiku ochepa, m'chipinda chawo cham'mwamba, Dalitso ali pambali. Anatulukadi atanyamulidwa.

Loweruka lapitali ndinapita kukasiya kiyi, chifukwa Dalitso wachotsa katundu ndipo nyumba ikugulitsidwa. Pakhomo ndinakumana ndi mayi wachizungu wokalamba wa nyumba yogundana nayo, amene tinkangopatsana moni wa pamsewu. Anandiuza kuti chipinda chake chogona chinagawana khoma ndi cha a Nankhoma, ndipo makoma a nyumba zimenezi sasunga chinsinsi. Anati chaka cha sitiroko chija ankamva phazi likukhwekhwereza pansi, uku ndi uku, mpaka kucha, ndipo ankawamvera chisoni osadziwa chonena. Kenako tsiku lina anamva mkonono. Anati unali mkonono waukulu, wa munthu wopanda manyazi, ndipo kwa zaka zinayi ankagona akuumva. Tsopano, anati, iye ndi amene sakugona.

Ndinalowa, n'kukwera m'mwamba. Chitsulo cha m'masitepe chikadalipo, penti yake inasupuka malo amene dzanja linkagwira. M'chipindamo mulibe makatani, mulibe chilichonse, koma timaenje tinayi pakapeti pamene panali miyendo ya bedi. Ndinaima pakati pa timaenjeto nthawi ndithu. Kuseri kwa khoma ndinkamva wailesi ya mayi uja, ndi supuni ikugunda m'kapu. Iye uko sankamva chilichonse kuchokera kuno.